Kodi njoka yoweta imafunika kusambitsidwa?

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg, ndipo mwana wa abwana anga amaweta njoka yotchedwa ball python m'bokosi lagalasi. Banjali lili pa ulendo, ndipo landisiyira ntchito yoisinthira madzi. Sabata yatha maso ake anachita mbuu, kenako inayamba kufundula, koma khungu lachoka zidutswazidutswa, lina lakakamira kumsana ndi kumchira. Mnzanga akuti ndiisambitse ndi sopo m'madzi otentha. Kodi njoka imasambitsidwa? (Mayi wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mayi, malangizo a mnzanuwo musawatsate, chifukwa sopo ndi madzi otentha ndi zinthu ziwiri zimene zingavulaze njokayo m'malo moithandiza. Njoka yathanzi sifuna kusambitsidwa. Situluka thukuta, ilibe ubweya wosunga litsiro, ndipo khungu lake lonse lakunja imalitaya yokha nthawi ikakwana: yaing'ono imene ikukula msanga imafundula pafupifupi mwezi uliwonse, pamene yaikulu imafundula kangapo chabe pa chaka. Maso a mbuu amene munawaonawo sanali matenda. Pa nthawi imeneyo timadzi timalowa pakati pa khungu lakale ndi latsopano kuti ziwirizi zilekane, ndipo zikayenda bwino khungulo limachoka lathunthu, lotembenuzika ngati sokosi yovulidwa mofulumira.

Khungu likachoka zidutswazidutswa, kawirikawiri vuto limakhala kuuma kwa mpweya m'bokosimo. Ball python, imene asayansi amaitcha Python regius, kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'mayiko monga Ghana, Togo ndi Benin, kumene masana imabisala m'mauna ndi m'zulu za chiswe, malo osatha chinyezi. Oweta amaisungira chinyezi cha pakati pa 50 ndi 60 peresenti, ndipo ikamafundula amachikweza kufika cha m'ma 70. Johannesburg ili pamalo okwera mamita oposa 1,700, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mpweya wake umauma kwambiri; mukawonjezerapo hita ya m'nyumba ndi nyali yotenthetsa bokosi, njokayo imakhala m'chipululu. Kuiviika m'madzi kamodzi kungachotse khungu la lero, koma ngati mpweyawo suukonzedwa vutoli lidzabweranso ikadzafundula ulendo wina.

Choyamba aimbireni eni ake muwauze zimene mwaona, popeza chiwetocho ndi chawo ndipo mwina ali ndi dokotala wa ziweto amene amachidziwa. Akakulolani, yambani ndi njira yosavuta iyi. Tengani kontena yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, muboole pambali khomo loti njokayo ilowe ndi kutuluka mwaufulu, muyalemo thaulo lonyowa ndi madzi ofunda koma lofinyidwa bwino, ndipo muiike m'bokosimo chakumbali yofunda. Njoka imalowamo yokha, nkumadzikhula pa thaulolo, ndipo nthawi zambiri pakatha tsiku limodzi kapena awiri zotsalirazo zimakhala zachoka popanda munthu kuigwira. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kusambitsa chifukwa ball python ndi nyama yamantha, imene ikaopsezedwa imadzipinda nkubisa mutu pakati, ndipo ikavutitsidwa imatha kukana chakudya kwa milungu ingapo.

Kuiviika m'madzi kumayenera pamene njira ija yalephera, pamene yadzipaka ndowe zake, kapena pamene dokotala walamula. Apa ndi pamene pamafunika chisamaliro chachikulu. Madzi akhale a madigiri 27 mpaka 30, ndipo muwayeze ndi chipangizo choyezera kutentha, osati ndi dzanja. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, kotero madzi amene inu mungawamve kuti ndi abwino kusamba, kwa njoka ndi otentha mopitirira muyezo, popeza thupi lake limatengera kutentha kwa malo amene ili. Kuya kwa madziwo kusapitirire kunenepa kwa thupi lake, kuti mutu ukhale pamwamba popanda kusambira, ndipo pansi pa beseni muyalepo thaulo kuti ipeze pogwira. Musathiremo sopo, mafuta kapena mankhwala aliwonse, chifukwa njoka imamwa madzi amene yaviikidwamo. Mphindi 15 kapena 20 ndi zokwanira, ndipo inu mukhale pomwepo nthawi yonseyo. Ikachitiramo chimbudzi, zimene zimachitika kawirikawiri, sinthani madziwo. Mukaichotsa, ilekeni idutse m'thaulo lonyowa limene mwagwira m'manja, kuchokera kumutu kulowera kumchira, ndipo khungu lofewa lidzatsalira m'thaulomo. Lokana kuchoka musalisende ndi zala.

Malo awiri muwayang'anitsitse. Kunsonga kwa mchira, khungu lotsalira likauma limamanga ngati mphete nkutseka magazi, mpaka nsongayo imatha kufa ndi kuduka. Kumaso nakonso, njoka ilibe zikope. Diso lililonse limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera kamene kamachoka pamodzi ndi khungu lonse. Kakatsalira, musayese kukachotsa ndi chikhadabo kapena kachitsulo, chifukwa mukhoza kuiwononga diso mpaka kusiya kuona. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto.

Musaiviike ikangodya kumene. Dikirani maola 48, apo ayi ikhoza kusanza khoswe amene inameza. Dzitetezeninso inuyo: njoka zambiri, ngakhale zooneka zathanzi, zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella totsekula m'mimba, choncho beseni lake likhale lakelake, madzi ake atayidwe m'chimbudzi osati m'sinki ya kukhitchini, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukamaliza. Ana osakwana zaka 5 ndi amayi oyembekezera asachite nawo ntchito imeneyi.

FUNSO: Mwana wanga ali ndi njoka yotchedwa corn snake. Masiku ano imakhala m'mbale ya madzi tsiku lonse. Kodi ikufuna kuti tiziisambitsa? (Bambo wa ku Manchester)

YANKHO: Bambo, njoka kulowa m'mbale yake ya madzi mwa apo ndi apo si chachilendo, makamaka ikayandikira kufundula, ndipo ndi chifukwa chake mbaleyo iyenera kukhala yaikulu moti thupi lonse likwanemo. Koma kukhalamo tsiku ndi tsiku ndi chizindikiro chakuti pali chimene ikuthawa. Yezani kutentha kwa bokosi: corn snake, imene kwawo ndi kummwera chakummawa kwa United States, imafuna mbali imodzi yofunda ya madigiri pafupifupi 29 ndi mbali ina yozizirirapo, ndipo bokosi lonse likatentha mofanana imathawira m'madzi. Onaninso ngati ili ndi pobisala, chifukwa yosowa pobisala imabisala m'mbale.

Zimenezi zikakhala bwino, ganizirani za nthata. Yang'anani pansi pa mbaleyo ngati muli timadontho takuda, ndipo muyang'anenso mozungulira maso ndi kunsi kwa chibwano, kumene tizilombo timeneti, totchedwa Ophionyssus natricis, timakonda kubisala nkumayamwa magazi. Mukhozanso kuipukuta ndi pepala loyera lonyowa, ndipo tikakhalapo tidzaoneka tikuyenda papepalapo. Madzi amamiza nthata zimene zili pathupi, koma mazira a nthatazo amakhala m'ming'alu ya bokosi ndi m'zoyala pansi, kotero kusambitsa kokha sikungathetse vutoli. Tayani zoyala zonse, tsukani bokosi ndi ziwiya zake, muyale mapepala oyera kwa milungu ingapo kuti muziona ngati zabwereranso, ndipo mankhwala mukatenge kwa dokotala wodziwa za nyama zokwawa. Mankhwala a utitiri wa agalu ndi amphaka kapena opopera udzudzu musawayandikize, chifukwa ena mwa iwo amapha njoka.