Za chuma chokwiriridwa ndi ditekita yanuyo, achimwene

Achimwene amene mwafunsa kuti mwabwera ndi ditekita kuchokera ku Joni nde mukufuna kudziwa komwe mungamve nkhani za chuma chokwiriridwa kufupi ndi Harare kuno, ndaona ambiri akungokuyankhani kuti Lobengula, Lobengula, mfumu ya Amandebele ija, ena akuti thamangirani ku Mazowe kuli mapoto a Majeremani. Ine nditalikitsako pang'ono, mundipirire.

Nkhani imene aliyense mu kombi akuidziwa dziwani kuti inakumbidwa kalekale. Lobengula anachoka ku Bulawayo mu November 1893 mzinda wake ukuyaka moto, nkulowera kumpoto cha ku Shangani, kumayambiriro kwa 1894 kunamveka zoti wamwalira. Ndalama zagolide anali nazodi, sindikukana, paja ali kothawako anatumiza thumba la ndalama kwa azungu kupempha mtendere, asilikali awiri, Daniel ndi Wilson, nkungoliponya m'matumba mwawo osapereka uthenga, pambuyo pake anamangidwa nazo. Koma tawerengani nokha. Pangano la Rudd la 1888, lomwe anapangana ndi azungu ofuna migodi, linkati azilandira mapaundi 100 pamwezi, olo titati ankalandira osadumphitsa kwa zaka zisanu zonsezo sizikupitirira mapaundi 6,000, ndipo mfumu imagwiritsanso ntchito ndalama, simangosunga. Zija za ngolo zodzaza dayamondi ndi minyanga ya njovu zinafala kwambiri ndi John Jacobs, yemwe anali kalaliki wake, munthu amene anazunguza azungu m'tchire zaka ndi zaka osawaonetsa olo kandalama kamodzi. Papita zaka zoposa 130 anthu a magalimoto ndi ndalama zawo akusaka, nde inu ndi ditekita ya mabatire a tochi Loweruka limodzi mukapeza chani.

Za Majeremani nde zimandipsetsa mtima. Majeremani sanalamulirepo dziko lino olo tsiku limodzi, iwo anali ku Tanganyika ndi ku Namibia. Nkhaniyi ine ndimaona ngati inachita kutsika kuchokera kumtunda, chifukwa kumeneko kuli kafupa kake koona, anamenyana ndi Angerezi pa Karonga mu September 1914, ku Tabora anasula ndalama zagolide za njovu mu 1916, ndipo mkulu wawo von Lettow-Vorbeck anakatula zida ku Mbala, Zambia, mu November 1918. Pofika kuno yasanduka yakuti kachipilala kalikonse ka simenti pamwamba pa phiri pansi pake pali bokosi. Abale, amenewo ndi mabikoni a anthu oyeza malo, pansi pake pali thanthwe basi, ndipo kuwaswa ndi mlandu. Ndi gulu lomwelo la nkhani za red mercury, mankhwala abodza aja omwe amati ndi odula kwambiri, za simbi zamakala zakale ndi ma Primus zoti kuli bwana wina akugula madola masauzande koma uyambe walipira ndalama ya testing. Amene tinali kuno mu January 2013 tikukumbuka zomwe zinaphulika ku Zengeza, ku Chitungwiza, anthu kufa nyumba kugwa, ndipo zinkamveka kuti ankafuna red mercury yemweyo m'bomba. Nde ndinene mosapsatira, kumalire ndi Mozambique, cha ku Mukumbura, Rushinga, mbali ya Nyamapanda ndi ku Sango, kunatcheredwa mabomba okwirira nthawi ya nkhondo ya m'ma 1970, a HALO Trust ndi anzawo akhala akuwachotsa kwa zaka, kumeneko ditekita ikalira musagwire khasu, bwererani mmene munapondamo.

Malo akale enieni alipo, ndipo sali kutali. Apwitikizi anali ndi misika yawo yogulira golide m'zaka za m'ma 1600, Dambarare cha ku Mazowe kufupi ndi mgodi wa Jumbo, Luanze cha ku Mutoko, Masapa kufupi ndi phiri la Fura lomwe pano timati Mount Darwin. Dambarare inaphwasulidwa ndi mfumu Changamire Dombo mu 1693, ndipo katswiri wofukula zakale Peter Garlake atakumbapo mu 1967 zambiri zomwe zinatuluka ndi zibenthu za mbale za ku China, mikanda ndi manda a pa tchalitchi, mabokosi a golide ayi. Kumabwinja amiyala nako anatitsogolera kale, kampani ya Rhodesia Ancient Ruins ya Neal ndi Johnson inayamba mu 1895 kufukula mabwinja ambirimbiri kufuna golide yekha, zina zonse kumangotaya. Zimene zinatsala pano ndi za boma pansi pa National Museums and Monuments Act, Chapter 25:11, simuloledwa kukumba popanda chilolezo chawo, ndipo ukapeza chinthu chakale mwangozi umayenera kukanena. Pitani mukaone ndi maso ku museum ya pa Rotten Row ija, mukafunsenso mafunso, koma ditekita isiyeni kunyumba.

Tsono chimene ine ndikufuna kukuuzani ndi ichi, ife tili ndi nkhani zathu zimene anzathu a ditekita aku Borrowdale alibe, ndipo zili m'makomo mwathu momwemu ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa, Epworth. Agogo athu machona anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere onyamula anthu ofuna ntchito, nkukathera m'makomponi a migodi ndi mapulazi a fodya, Shamva, Trojan ku Bindura, Arcturus, Mazowe, Cam and Motor ku Kadoma, Dalny ku Chakari. Munthu wa pakomponi banki ankaionera kutali, ndalama yosungira ulendo wobwerera kumudzi inkalowa m'kachitini nkukwiriridwa pansi pa mphasa kapena kuseri kwa khola la nkhuku, ndipo si onse anabwerera kukafukula, ena anafera mu mgodi, ena anachotsedwa ntchito mwadzidzidzi, ena ndalama zinasinthidwa mu 1970 kuchoka ku mapaundi kupita ku madola nkuona kuti zachitinizo zatha ntchito, enanso anabalalika pa mapulazi m'ma 2000 muja. Zamapepala zinaola kale koma zachitsulo zilipo. Si chuma chogulira Honda Fit ayi, koma ndi zinthu zoti ditekita ingazipezedi, tiki, sikisi, sheleni, hafukoloni, mapeni oboola pakati aja, mabatani a yunifolomu, zitsulo za malamba, timanambala ta njinga. Ndalama zoyera zosaboola pakati za Southern Rhodesia za kuyambira 1932 mpaka 1946 zili ndi siliva, kuyambira 1947 anasintha chitsulo, nde muziyang'ana chaka musanasangalale.

Kafunsidwe kake nkofunika. Mukangofika kwa mdala nkumuti agogo chuma chinakwiriridwa pati, akuyang'anani nkukuuzani kuti sakudziwa, kapena akunamizani dala kuti muwagulire Chibuku. Khalani nawo pamaliro usiku moto ukuyaka, kapena akaweruka ku CCAP, kapena achimjomba athu akatuluka mu mzikiti Lachisanu, nkhani iyambe ndi kumudzi, anachoka liti, anayenda ndi ndani, kenako muzifunsa zazing'onozing'ono, sitolo ya pakomponi inali mbali iti, malipiro ankalandirira pati, bhawa yomwera mowa inali kuti, bwalo la mpira ndi la gule, pamtengo pomwe ankatchovera njuga ya makadi tsiku la malipiro, pomwe basi inkaima. Ndalama imagwa pamene anthu ankapisa m'thumba, makamaka ataledzera. Agogo aakazi musawadumphe, iwowo ndi amene ankaphika mowa ndi kusunga ndalama, amakumbukanso bwino kuti nyumba ya uje inayang'anizana ndi ya uje. Jambulani mawu pafoni atakulolani, chifukwa madalawa akutha ndithu.

Nkhani yoona imamveka ndi kaumbidwe kake, imakhala ndi dzina la munthu, dzina la pulazi, chaka kapena chochitika choti ungachilondole, monga kuti chaka chomwe Federation inatha, nde wadziwa kuti ndi 1963. Ikakhala ya njoka yaikulu yolondera, mzungu wobwera usiku ndi mapu, moto woyaka paphiri, komanso woifotokozayo anamva kwa msuweni wa mnzake, imeneyo ingomverani kukoma. Ndipo wina akati tipite kaye kwa sing'anga kapena kwa mneneri akatsegule malo mulipire mbuzi ndi madola, chuma chake ndinuyo.

Mukamva nkhani muiyese ndi mapepala. Ku ofesi ya Surveyor General m'tauni amagulitsa mapu a 1:50 000, akale aja amaonetsa makomponi, masitolo, madibi, migodi yakale ndi misewu yomwe pano inamera udzu. Ku National Archives pa Borrowdale Road kuli manyuzipepala akale ngati Rhodesia Herald, zithunzi, ndi nkhani zojambulidwa kwa anthu akale, tengani chitupa ndi kandalama kolowera, konzekani kukhala tsiku lonse poti mafayilo sabwera mothamanga. Kenako Google Earth, ili ndi kobwezera zithunzi m'mbuyo. Pamalo penipeni muziyang'ana mitengo, mukaona mango kapena mapeyala ataima okha pakati pa tchire, mzere wa bulugamu kapena khonje, dziwani kuti panali anthu, mango sadzibzala okha pamzere. Nthawi yabwino yoyendera ndi September ndi October tchire litapsa, maziko a nyumba amaonekera poyera, koma kukumba kumafewa mvula yoyamba ikagwa.

Chilolezo musachione mopepuka. Pulazi iliyonse pano ili ndi mwini wake olo ioneke yosiyidwa, kumidzi yambani mwaonana ndi sabhuku, nyakwawa ya kuno, malo a mgodi ali ndi alonda awo, mugwirizane kaye kuti chopezeka mugawana bwanji musanayatse makina. Vuto lina ndi lakuti kuno munthu wonyamula ditekita aliyense amamuona ngati korokoza, wokumba golide mozemba, apolisi komanso anyamata a zikwanje aja a ku Mazowe ndi Shamva, nde musayende nokha ndipo musayandikire maenje awo. Mukatola golide wosayengedwa dziwani kuti Gold Trade Act ndi yowawa, kupezeka naye popanda pepala ndi zaka zisanu kundende, wogula wovomerezeka ndi Fidelity ya ku Msasa ndi maajenti ake, ndipo ngati cholinga chanu ndi golide nde nkhani yasintha, pitani ku unduna wa migodi mukatenge prospecting licence. Kumanda ndi kudambwe sindichita kukuuzani, ndinu mwana wa Achewa, makomponi ambiri manda ake alibe miyala yolemba, mukaona timilu tandandalika kapena mbale ndi makapu obooledwa pansi zimitsani makina muchokepo.

Musanapite kulikonse yambani pabwalo panu, kwirirani ndalama, msomali, chotsekera cha botolo ndi kachitini mosiyana kuya kwake, muphunzire kulira kwa chilichonse, apo ayi mudzakumba zotsekera za Castle tsiku lonse. Dothi lofiira la ku Mazowe lili ndi chitsulo chambiri, makina otchipa amangolira paliponse ngati simunakonze ground balance, kotchunira kuti makina asamalirire dothi lenilenilo, nde onani ngati yanuyo ili nayo. Maenje muzikwirira mukamaliza, ng'ombe ya munthu ikathyoka mwendo simudzaloledwanso. Tatiuzani kuti ndi ditekita ya mtundu wanji komanso agogo anu ankagwira mgodi kapena pulazi iti, mwina muno muli ena amene makolo awo anali komponi imodzi ndi anu.