Kwa obwera kumene ku Joni: nkhawa za pa ntchito

Mphwanga wa ku Luchenza wandiimbira dzulo kuti chiyambireni ntchito yosamalira maluwa ku Randburg tulo sakulipeza, mutu ukumuwawa, nsima sikulowa. Akuti mwina kumudzi amulodza. Palibe wakulodza, mphwanga, ndi nkhawa za ntchito zimenezo, ndipo ambirife zinatigwirapo. Nanunso ochokera ku Thyolo ndi Mulanje amene mwangotsika kumene basi ku Park Station, tamverani.

Choyamba ndi abwana. Lamulo la kuno limati ntchito ndi maola 45 pa sabata, ukapitirira pamenepo ola lililonse alilipire ngati ola limodzi ndi theka. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anafika pa R28.79 pa ola, wantchito wa m'nyumba yemwe. Koma akangodziwa kuti masiku 30 a pa pasipoti yako anatha, amakugwiritsa mpaka Lamlungu, iwe n'kumangovomera mtima ukugunda. Ine madamu ena anandidyera malipiro a mwezi wathunthu, ndikafunsa ankangoti aitana apolisi. Ndikakumbukira mpaka lero chifuwa chimatentha. Muzilemba maola anu m'kabuku tsiku lililonse, mauthenga a abwana pa WhatsApp osafufuta. A CCMA, bungwe la kuno lomva milandu ya pa ntchito, amamva dandaulo kwaulere, ngakhale la munthu wopanda mapepala, koma abwana akakuchotsani ntchito muli ndi masiku 30 okha okadandaula.

Chachiwiri, chomwe chimapweteka kuposa abwana, ndi foni yochokera kumudzi. Kwathu amayesa marandi timangothyola ngati masamba a tiyi ku esiteti. Lero fizi, mawa feteleza, mkuja malata, ukachedwa akuti wayamba kunyada. Umafika pa ntchito thupi lokha, nzeru zili ku Bvumbwe, n'kuthyola makina odulira kapinga a eni ake. Auzeni ndalama imene muzitumiza pa Mukuru mwezi uliwonse, osawonjezera pokhapokha pagwe matenda kapena maliro. Kwa mashonisa, akatapila a kuno, musayandikireko n'komwe.

Za mowa sindichulukitsa, mukudziwa kale anzathu amene Lachisanu lililonse malipiro amathera ku shabini.

Mukaona mukupsa mtima pa zazing'ono, kuiwalaiwala, khosi kuuma, pitani ku kiliniki akakuyezeni BP. Osadzitsekera m'chipinda, Lamlungu muzipita ku tchalitchi kumene kuli Amalawi anzanu. Maganizo akafika poti bola kufa, uzani m'bale usiku womwewo ndipo imbani a SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567, ndi ulere.