Za ovataimu ya antchito a pa loji ku Senga Bay

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu ya malipiro ikuwerengera ovataimu yonse mofanana, ngakhale kwa amene anagwira ntchito pa Khirisimasi. Vuto ndi loti munaika mtundu umodzi wokha wa malipiro owonjezera, pomwe lamulo la Employment Act la 2000 limasiyanitsa itatu.

Maola opitirira nthawi pa tsiku wamba la ntchito amalipiridwa ndalama ya pa ola kamodzi ndi theka, ndiye mulembe 1.5. Wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma amalandira kawiri, chimodzimodzinso pa holide ya boma. Pangani mizere itatu, uliwonse ndi dzina lake, ndipo muulumikize ku ndalama ya pa ola ya munthuyo. Musalembe chiwerengero chokhazikika ayi, chifukwa mukadzakweza malipiro ovataimu idzatsalira mmbuyo inu osadziwa.

Apa ndiye chenjerani: pa loji Lamulungu ndi tsiku lotanganidwa, kotero wophika wina amapuma Lachiwiri, mlonda Lachinayi. Pulogalamuyo siingalote zimenezi. Lowetsani tsiku lopuma la wantchito aliyense payekha, kenako masiku onse a holide, monga 6 July, mu kalendala yake. Mukapanda kutero mudzabera anthu thukuta lawo, ndipo nkhani zotere zimathera ku ofesi ya Labour pa boma.

Chongani kuti mizere itatuyi idulidwe msonkho wa pa malipiro wa PAYE, chifukwa a bungwe lotolera misonkho la MRA amaiwerengera ngati malipiro. Musanalipire, tengani wantchito mmodzi muwerengere pamanja, mufananize ndi zomwe kompyuta yatulutsa.