Seva ikabweza 429, dikirani kaye

Achimwene, uthenga wa 429 umene pulogalamu yanu yosandutsa zolemba kukhala mawu omveka ikulandira ukutanthauza kuti mwatumiza mapempho ambiri m'kanthawi kochepa, choncho musatumizenso nthawi yomweyo. Yang'anani ngati yankho la seva lili ndi Retry-After (mzere wonena nthawi yoti mudikire) ndipo mudikire nthawi imene yatchulidwapo. Ngati palibe, dikirani sekondi 1, kenako 2, 4, 8, mukuwonjezerapo kanthawi kosinthasintha, ndipo mulekeze pakatha maulendo asanu. Ine ndinkabwereza pempho mosalekeza ndipo seva inandiletsa kwa nthawi yaitali, mpaka nditayamba kusunga mawu ojambulidwa kale kuti chiganizo chimodzi ndisachipemphe kawiri.

Pa nkhani yoyeretsa zolemba musanazitumize ku seva m'pamene pafunika maso. Chotsani HTML (zizindikiro zopangira masamba a pa intaneti), ma link ndi ma emoji, koma chizindikiro cha ' cha m'mawu monga ng'ombe ndi ng'oma musachikhudze, chifukwa mukachichotsa makina adzatchula ng wa mu ngolo, ndipo womvera adzadabwa. Zimandiwawa kuona anthu akuchisesa pamodzi ndi zinyalala zina. Chilembo cha ŵ chimalembedwa m'njira ziwiri mu Unicode (ndondomeko imene makompyuta amasungira zilembo), motero zolemba zonse muziike mu NFC, njira imene imasunga ŵ ngati chilembo chimodzi. Manambala alembeni m'mawu, kuti K5,000 ikhale "makwacha zikwi zisanu", ndipo nkhani yaitali muziidula pothera chiganizo, osati pakati pa liwu.

Ngati zolembazo zili ndi mayina kapena nambala za foni za makasitomala, funsani katswiri wa chitetezo cha deta musanazitumize ku seva ya kampani ina.