Mbiri ya timu ya anyamata a pa sekondale iyambire pa pauta

Achimwene, mwati gulu lathu la ophunzira akale likufuna kulemba mbiri ya timu ya mpira ya anyamata a pa sekondale yathu kuno ku Angónia, chaka ndi chaka, ndipo mukufunsa poyambira popeza aliyense amene mwamufunsa akukamba zakezake. Anzathu angapo akuyankhani kuti muwerenge zikho zimene zili mu ofesi ya mkulu wa sukulu, kenaka mufunse osewera akale kuti chilichonse chidabwera liti. Ine ndikuona mosiyana nawo, ndipo mundilole nditalikitseko pang'ono.

Mugwirizane kaye za kalembedwe ka zaka. Tidazolowera kumva za nyengo ya 2011/12 chifukwa maligi a ku Ulaya amayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, ndipo amene ana awo amaphunzira kutsidya kwa malire, ku Dedza kapena ku Ntcheu, adazolowera chaka cha sukulu choyamba mu Seputembala. Kwathu kuno sukulu zimatsegulidwa kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, mayeso amalembedwa chakumapeto kwa chaka, ndipo mpira wa pa sukulu umaseweredwa mkati mwa miyezi imeneyi, makamaka mvula ikatha bwalo litauma. Choncho tsamba lililonse likhale la chaka chimodzi chokha, 2011 pachokha, 2012 pachokha.

Chimene ndikunenera kuti musayambire pa zikho ndi chakuti timu ya pa sukulu si kalabu. União Desportiva do Songo, imene idatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko la Mozambique, mu 2017, 2018 ndi 2022, ikaona kuti kumbuyo kwafooka imagula wosewera, ndipo wosewera wabwino ikhoza kumusunga zaka zambiri. Sukulu sigula munthu ndiponso singamusunge. Mnyamata amafika, amakhala chaka chimodzi akunyamulira anzake madzi, amasewera zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka amalemba mayeso omaliza n'kuchoka. Ena amachoka asanafike n'komwe pamenepo, wina chifukwa makolo asamuka, wina wapita kukafuna ntchito ku Moatize, wina wakwatira n'kuyamba kulima mbatatesi zake. Ndiye funso limene limafotokoza chaka chilichonse ndi lakuti ndani adachoka mu Disembala, nanga ndani adafika mu Febuluwale. Timu ikapambana boma lonse zaka ziwiri zotsatizana kenaka n'kugonja masewero onse chaka chachitatu, anthu amati mphunzitsi adalekerera, ena amati sukulu inayo idapita kwa sing'anga, koma mukatsegula pauta, mndandanda wa mayina ndi mamalikisi a ophunzira a kalasi iliyonse, mudzapeza kawirikawiri kuti goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi womwetsa zigoli anali m'kalasi imodzi ndipo adamaliza sukulu tsiku limodzi. Zimenezi chikho sichingakuuzeni.

Pitani tsono ku secretaria, ofesi yosunga mapepala a sukulu, ndi kalata yopempha chilolezo kwa mkulu wa sukulu, mupemphe kuona mapauta a zaka zimene mukufuna. Mukopere dzina, kalasi ndi chaka basi. Mamalikisi a munthu musawakhudze, chifukwa anyamatawo lero ndi abambo a eni ake, ndipo palibe amene akufuna kuti ana ake awerenge m'buku la mpira kuti iye adabwereza kalasi chifukwa cha masamu. Mukasonkhanitsa mayina mudzaona nokha kuti zakazo zikugawika m'mibadwo ya zaka zitatu kapena zinayi, ndipo m'badwo uliwonse uli ndi chaka chophunzira, chaka cha mphamvu ndi chaka chobalalika. Ine ndikadakhala wolemba ndikadaika mutu waukulu pa m'badwo uliwonse, zaka n'kubwera pansi pake chimodzichimodzi.

Pepala lachiwiri lofunika ndi kope la mphunzitsi wa Educação Física, phunziro la masewero olimbitsa thupi, ndipo limeneli simudzalipeza ku sukulu ayi, limakhala kunyumba kwa mwini wake, m'sutikesi kapena m'katoni ya mabuku akale. Limodzi limene ndidaliona, kutsogolo linali la mamalikisi a kuthamanga ndi kudumpha, koma kumasamba a kumapeto kunali bwalo lojambulidwa ndi pensulo, mayina ataikidwa aliyense pamalo pake, ena atafufutidwa n'kulembedwa mwatsopano, ndipo m'mphepete munali mndandanda wa amene adasonkha ndalama ya galimoto, wolipira atamuchonga, wosalipira atamusiya. Zotsatira za masewero zidalembedwa pang'ono chabe, koma tsiku ndi dzina la sukulu imene adakumana nayo zinalipo pa tsamba lililonse. Vuto la makope otere ndi lakuti mayina ambiri ndi a pabwalo. Komabe mayina omwewo, popeza amatengedwa kwa akatswiri a timu ya dziko lathu, amathandiza kudziwa m'badwo, pakuti mnyamata amene anzake ankamutchula Chiquinho Conde kapena Tico-Tico ndi wa kale kuposa amene ankatchedwa Dominguês, ndipo wotchedwa Reinildo kapena Geny ndi wa posachedwapa. Mukhale pansi ndi mphunzitsiyo, dzina lililonse la pabwalo mulilumikize ndi la pa pauta iye akadakumbukira.

Zithunzi muzijambula mbali zonse ziwiri, chifukwa kumbuyo n'kumene kumakhala tsiku, chidindo cha wojambula kapena uthenga umene mnyamata adalembera mlongo wake. Kutsogolo musangoyang'ana nkhope zokha. Onani ngati jezi zili ndi manambala, ngati onse avala nsapato kapena ena ali chosavala, ngati chaka chidalembedwa ndi choko pa mpira umene kaputeni wagwira, komanso nyumba zimene zikuoneka kumbuyo kwawo. Ngati pa chithunzi palibe mdadada wa makalasi umene tonse tikudziwa chaka chimene udamangidwa, ndiye kuti chithunzicho chidajambulidwa chaka chimenecho chisanafike, ngakhale mwini wake atalumbira motani.

Zikho zibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo muzisamale nazo. Zambiri zilibe chaka, zina kachitsulo kolembapo kadagwa kale, ndipo zina ndi za atsikana kapena za masewero ena. Mulekanitsenso mitundu ya masewero. Pali a Jogos Escolares, mpikisano wa masukulu, amene amayambira pa sukulu, kupita ku boma, kenaka ku chigawo, mpaka ku chikondwerero cha dziko lonse chonga chimene chidachitikira mu mzinda wa Tete mu 2013. Pali zikho za masiku a chikondwerero, monga pa 25 Juni, tsiku la ufulu wodzilamulira, kapena pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, zimene zimatha m'masiku awiri ndipo nthawi zina zimalowetsa ndi matimu a m'midzi omwe. Palinso masewero a paubale. Zonsezi zilembedwe, koma chilichonse pamzere wake, chifukwa kupambana chikho cha pa 25 Juni sikutanthauza kuti timu idapambana boma. Chimodzimodzinso, ku chikondwerero cha dziko lonse kumapita timu ya chigawo yosankhidwa kuchokera m'sukulu zosiyanasiyana, choncho mnyamata wathu akasankhidwa, ulemu ndi wake ndipo ulembedwe pa dzina lake, osati kulemba kuti sukulu idakafika kumeneko. Ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya pa boma, mufunseko malipoti a masewero a boma, ndipo ku wailesi ya m'dera mufunse amene ankaulutsa zamasewero. Manyuzipepala monga Notícias, Desafio ndi Diário de Moçambique musawatayire nthawi yambiri, pokhapokha pa zaka za chikondwerero cha dziko lonse.

Kufunsa anthu n'kofunika kwambiri, koma kuli ndi kachitidwe kake. Musawasonkhanitse pamodzi poyamba, chifukwa wa mawu amphamvu ndi amene amapambana ndipo enawo amangovomereza kuti asamuchititse manyazi. Aliyense mumufunse payekha, ndipo m'malo momufunsa chaka, mumufunse kuti anali kalasi yanji, ankamuphunzitsa Chipwitikizi ndani, adapita pa galimoto yanji, adagona kuti. Chaka mudzachipeza nokha pa pauta. Mufunsenso amene sadasewere, monga alonda, ophika ku internato, kumene ophunzira amagonera, ndi amayi amene ankagulitsa mandasi m'mbali mwa bwalo, ndipo koposa onse mufunse osewera akale a sukulu zimene tinkalimbana nazo, kaya ku Dómuè, ku Tsangano kapena ku Furancungo, popeza kugonja kwathu akukukumbukira bwino kuposa ife. Pa mfundo iliyonse muike kachizindikiro kosonyeza ngati yachokera pa pepala, kwa mboni ziwiri zosakumana, kapena kwa munthu mmodzi yekha. Wina akati tidapambana 3-1 pamene wina akuti 2-1, lembani zonse ziwiri, musasankhe yokoma.

Padzakhala zaka zopanda kanthu, ndipo apa m'pamene ndikukupemphani kwambiri kuti mulimbe mtima. Nkhondo ya pachiweniweni idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu opitirira miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri adabwerera pakati pa 1993 ndi 1995. Ngati mbiri yathu ikufika m'zaka zimenezo, padzapezeka nthawi imene timu kunalibe, mwinanso mapepala adapsa kapena adatayika. Wina adzakuuzani za masewero amene adasewera m'zaka zimenezo, ndipo sakunama, koma mukamufunsitsa mudzapeza kuti bwalo lake linali ku msasa wa othawa nkhondo ku Dedza kapena ku Ntcheu. Nkhani imeneyo ndi yamtengo wapatali, ndipo ikhoza kufotokoza kumene timu yoyamba ya pambuyo pa nkhondo idaphunzirira mpira, koma ilembedwe monga momwe ilili, osati ngati nyengo ya timu ya sukulu. Chaka cha 2020 nachonso ndi chotero, pakuti sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo chakumapeto kwa chaka adayamba kubwerera ndi makalasi a mayeso. Tsamba la chaka chimenecho likhale ndi mayina a anyamata amene akadasewera, makamaka amene chinali chaka chawo chomaliza, ndi chifukwa chimene sadasewerere.

Poyerekeza mibadwo pali misampha ingapo. Mapointsi atatu a timu yopambana adafala kuyambira 1995, kale anali awiri, choncho musaike matebulo a zaka zosiyana pamodzi popanda kunena kawerengedwe kake. Lamulo loletsa goloboyi kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi lidabwera mu 1992, ndipo akuluakulu akamatama magoloboyi a nthawi yawo muzikumbukira kuti ntchitoyo idasintha. Ndalama ya metical idachotsedwa maziro atatu mu 2006, kotero mukaona m'kope kuti mnyamata aliyense adasonkha 20.000 musadabwe, imeneyo ndi 20 ya masiku ano. Ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 ili ku sekondale, kutanthauza kuti mphunzitsi wa lero amalandira anyamata ocheperako msinkhu ndipo amakhala nawo chaka chimodzi choonjezera.

Pali nkhani ina imene tonse tikuidziwa koma sitikonda kuikamba, ya osewera obwereka. Masewero akafika pothina, nthawi zina pabwalo pankaoneka mnyamata wandevu amene palibe adamuonapo m'kalasi. Mukayerekeza kope la mphunzitsi ndi pauta zimenezi zidzatuluka zokha, chifukwa padzakhala dzina lopanda kalasi. Maganizo anga ndi akuti mulembe kuti chaka chakutichakuti timu idagwiritsa ntchito osewera amene sanali ophunzira, ndipo ngati sukulu ina idadandaula mulembe mmene dandaulolo lidathera, koma musatchule munthu pokhapokha iye mwini atavomera. Kubisa kotheratu sikungatheke, popeza anzathu a sukulu zinazo adzaliwerenga bukuli.

Tsamba la chaka chimodzi likhale ndi mphunzitsi wa timu, kaputeni, osewera ndi makalasi awo, amene adachoka ndi amene adafika, masewero monga mwa mitundu yake, ndi ndime imodzi yofotokoza chimene chidachitika, kuphatikizapo za mayendedwe, chifukwa kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo anyamata ozolowera kuzizira kwa kuno akatsikira ku kutentha kwa m'mbali mwa Zambezi miyendo imalemera theka loyamba lisanathe. Ntchitoyi muigawe pawiri. Gulu lina lithamangire kwa aphunzitsi opuma ntchito mwezi uno womwe, lina lisonkhanitse za zaka zaposachedwapa, zimene zili m'mafoni ndi m'magulu a WhatsApp ndipo zimatayika foni ikangowonongeka. Ngati m'gulu muno muli amene akudziwa mphunzitsi amene akuyang'anira timu chaka chino, amupemphe kuti kope lake alisiye ku secretaria sukulu ikamatsekera mu Disembala.