Tifunseni: Phwando la Thanksgiving pa mbaula

Funso: Ndine mayi wochokera ku America, ndimaphunzitsa pa sekondale ina m'boma la Balaka. Chaka chonse anthu a m'mudzi muno akhala akundipatsa maungu, mtedza ndi nthochi, ndipo sindidutsa pakhomo la munthu osandiitanira nsima. Ndikufuna kuwathokoza powaphikira chakudya cha Thanksgiving, koma ndilibe uvuni ngakhalenso firiji. Kwathu oitanidwa amabwera ndi chakudya chophikaphika, aliyense chake. Kodi kuno ndingatero?

Yankho: Zikomo mayi, mwaganiza bwino. Kwa owerenga amene sakulidziwa, ili ndi tsiku lothokoza limene anthu a ku America amachita pa Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala. Pulezidenti Abraham Lincoln ndiye analilengeza kukhala la dziko lonse mu 1863, ndipo ndiwo yake yotchuka ndi nkhukundembo.

Tiyambe ndi kaitanidwe, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Musauze anthu kuti abwere ndi chakudya. Kumudzi woitana ndiye amadyetsa, ndipo pempho lotere lingachititse manyazi banja limene nkhokwe yake yapepuka, monga zimakhalira mwezi umenewu. Pemphani amayi atatu kapena anayi oyandikana nawo kuti adzakuthandizeni kuphika. Apo nkhuni, miphika ikuluikulu ndi mithiko zidzabwera zokha. Amfumu ndi eni nyumba imene mukukhala mukawaitane nokha kunyumba kwawo, musatume mwana. Mukaitana anthu 15 konzekerani 25, pakuti munthu sasiya mlendo wake kapena mdzukulu kunyumba.

Nsima isasowe. Ngakhale mutaphika mbatatesi yopota yokoma chotani, pakapanda nsima anthu adzapita kwawo akunena kuti sanadye. Kilogalamu imodzi ya ufa imakwanira akuluakulu anayi kapena asanu, choncho makilogalamu 6 akwana. Ubwino wake, nyama ikakhala ndiwo imafalikira: nkhukundembo ya makilogalamu 5, imene kwanu ikanadyedwa ndi anthu khumi, kuno ingakwanire onse, makamaka mukawonjeza nyemba ndi masamba otendera.

Nkhukundembo ya kumudzi imadziyendera yokha, choncho nyama yake ndi yolimba. Mukaiwotcha yathunthu, chidale chimauma miyendo isanafewe. Izingeni m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo ngati mwaitana Asilamu pemphani mmodzi wa iwo azinge kuti onse adye momasuka. Iduleni nthulinthuli, muthire mchere magalamu 10 pa kilogalamu iliyonse, omwe ndi pafupifupi masupuni aang'ono awiri. Zoinyika m'madzi a mchere usiku wonse zisiyeni, chifukwa popanda firiji kutentha kwa Novembala kumaononga nyama msanga. Kazingani miyendo ndi mapiko mpaka zifiire, thirani anyezi, adyo ndi madzi ongofika pakati pa nyama, vundikirani ndi kuphika pa moto wochepa maola awiri kapena atatu. Chidale muikemo patatsala mphindi 40 kuti muphule. Nyama yapsa ikafika madigiri 74 a Celsius m'kati. Ngati mulibe choyezera, bayani pafupi ndi fupa, madzi otuluka asakhale ofiira. Msuzi wotsala mumphika muukoleretse ndi masupuni awiri a fulawa osungunula m'madzi ozizira. Mukathira fulawa wouma mumsuzi wotentha amapanga mibulu.

Buledi wa chimanga sadzadabwitsa aliyense, popeza ndi m'bale wake wa chigumu. Sakanizani kapu imodzi ya mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, masupuni aakulu awiri a shuga, masupuni aang'ono awiri a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi mchere wofanana ndi sodayo. Pambali menyani mazira awiri ndi kapu ya chambiko ndi kota ya kapu ya mafuta, kenako phatikizani zonse. Musatakase kwambiri, buledi angalimbe. Ufa woyera suyenera pano chifukwa ndi wosalala kwambiri ndipo buledi wake amamata. Pakani mafuta m'sefuliya, siyani makala ochepa pansi, ambiri muwaike pa chivundikiro, mudikire mphindi 25 mpaka 30. Akapserera pansi m'kati muli mwauwisi, ndiye kuti moto wapansi unachuluka. Akawawa n'kuchita chikasu chodera, yachuluka ndi soda.

Zipatso za cranberry, zimene ku America amapangira msuzi wowawasa wodyera nkhukundembo, kuno sitilima, koma chidede chouma chimawawasa mofanana nacho. Nyikani kapu imodzi m'madzi ofunda, muwiritse mphindi 15 ndi theka la kapu ya shuga mpaka chikhuthale.

Nthawi yakudya, yendetsani madzi osamba m'manja kuyambira kwa akuluakulu, ndipo pemphani mmodzi wa iwo atsegule ndi pemphero. Abambo ndi amayi akakhala padera musawakakamize kukhala pamodzi. Mawu anu othokoza muwanene anthu asanayambe kudya. Musanagawe, patulani mbale za agogo ndi odwala amene alephera kubwera, ana akawatulire. Zotsala zonse zigawidwe tsiku lomwelo, pakuti pa nyengo yotentha chonchi nyama yophika siyenera kukhala pamtunda kupitirira ola limodzi kapena awiri.

Funso: Mnzathu wa ku America amene timagwira naye ntchito mu Lilongwe anandilembera kaphikidwe ka keke ya nthochi. Pepalalo likuti 350, "cup" ndi "stick" ya batala. Uvuni wanga sufika 350. Nditani?

Yankho: Uvuni wanu ulibe vuto. Anthu a ku America amayeza kutentha mu Fahrenheit pamene mauvuni ambiri kuno amalembedwa mu Celsius. Chotsani 32, muchulukitse ndi 5, mugawe ndi 9. Pa 350 mupeza 177, choncho ikani pa 180. Kapu yawo ndi mamililita pafupifupi 240, ndipo makapu a tiyi amasiyana kukula, ndiye yezani kamodzi ndi botolo lolembedwa muyezo n'kuika chizindikiro pa kapuyo. "Stick" imodzi ya batala ndi magalamu 113. Majarini angalowe m'malo mwake pa muyezo womwewo, koma ngati ali ndi mchere, chepetsani mchere wolembedwa pa pepalapo.