Zitsulo zonyamula kunyumba: muyambe kugula ziti?

Bambo wina watilembera kuti akufuna kuyamba kunyamula zitsulo kunyumba. Amakhala nyumba ya lendi, malo ndi ochepa, ndipo masiku ena azichita okha, masiku ena limodzi ndi mayi akunyumba. Akufunsa kuti agule chiyani poyamba.

Achimwene, musanawerenge ndalama, dzifunseni kuti chitsulo chikakukanikani m'mwamba adzakulandirani ndani. Ngati masiku ambiri muzikhala nokha, yambani ndi ma dumbbell osinthika, aja a timipiringidzo tiwiri tokhala ndi mapuleti ochotseka. Dumbbell ikakulemerani mumangoigwetsera pambali. Barbell, mpiringidzo wautali wonyamula ndi manja awiri, mukugona pabenchi ilibe kothawira, imatsikira pachifuwa kapena pakhosi.

Pogula, yezani bowo la mapuleti. Alipo a mamilimita 25 ndi a mamilimita 50, ndipo salowerana. Ambiri amagula mpiringidzo kwina, mapuleti kwina, n'kukazindikira kunyumba kuti sizikugwirizana. Tengani mapuleti okwana makilogalamu 30 mpaka 40, ndipo musasiye ang'onoang'ono a 1.25 kg. Amaoneka ngati zidole, koma ndi amene amathandiza kuwonjezera kulemera pang'onopang'ono, makamaka pa masewera a mapewa, pomwe kulumpha makilogalamu 5 nthawi imodzi kumavulaza.

Mukakhala awiri vuto limasintha. Mphamvu zanu sizifanana, ndiye theka la nthawi lithera kumasula ndi kumanga manati. Gulani timipiringidzo tinayi, osati tiwiri, aliyense amangiretu zake. Timipiringidzo ndi totsika mtengo, zodula ndi mapuleti. Wina akamanyamula mnzake azipuma. Wopumayo aime kumutu kwa benchi, ndipo pothandiza agwire pamfundo za manja, osati pazigongono. Mukakankha chigongono mkono umapindika, dumbbell n'kugwera kumaso.

Malamba a labala ndi abwino pokoka, poti nyumba ya lendi simungaboole khoma. Koma labala imadana ndi dzuwa. Musawasiye pawindo, ndipo musanayambe atambasuleni muone ngati ali ndi ming'alu, chifukwa lamba akaduka amamenya diso.

Barbell ibwere pambuyo, ndipo isabwere yokha. Yeniyeni yolowa mapuleti a mabowo a mamilimita 50 imalemera makilogalamu 20 ndipo ndi yotalika mamita 2.2, choncho yezani chipinda kaye. Ikufunika choikapo chokhala ndi mikono iwiri yolandira chitsulo chikakukanikani. Owotcherera atha kukupangirani ndi chitsulo cha makona anayi cha mamilimita 50 kwa 50, chochindikala mamilimita 3. Chopyapyala cha mawindo ayi. Mikonoyo ikhale m'munsi pang'ono mwa chifuwa chanu mukachitukula, koma pamwamba pa khosi. Iyeseni ndi mpiringidzo wopanda mapuleti.

Nanga zija za simenti anyamata amaumbira m'zitini za penti? Zimagwira ntchito. Konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa lita, ndiye chitini cha malita 5 chimapereka pafupifupi 12. Sakanizani simenti mbali 1, mchenga 2, miyala ya kwale 3. Kumapeto kwa paipi yolumikiza zitini ziwirizo boolani, mulowetse misomali ikuluikulu mopingasa kuti paipi isasolole. Muzithirira madzi kwa masiku 7 musananyamule. Cholakwika chofala ndi kusayeza: mbali imodzi imalemera kuposa inzake, msana n'kumapendama. Yezani zosakaniza za mbali zonse ziwiri pasikelo. Ndipo kulemera kwake sikusintha, kotero kwa anthu awiri osiyana mphamvu zimasowetsa mtendere.

Pansi yalani mphira yochindikala kapena thabwa, apo ayi mukaphwanya simenti ya alandilodi. Poyembekezera ndalama, zigubu ziwiri za malita 20 zikukwanirani kuyenda nazo pabwalo: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo mayi atha kuyamba ndi zothira theka.